Kagalasi kamene kadavula amalume jekete

Mwezi wa Okutobala ku Chiuta si wovala jekete. Dzuwa limaswa mtengo kuyambira m'mamawa, madzi a m'nyanja amabwerera m'mbuyo n'kusiya matope ong'alukang'aluka, ndipo asodzi amapalasa mabwato chifuwa chili pamtunda, malaya atamanga kumutu. Koma amalume anga, achimwene awo a amayi, adadutsa nyengo zotentha zingapo ali m'jekete lakuda la pakaunjika, zipi atakoka mpaka pakhosi, thalauza lofika m'zidendene, kapusi kumutu. Thukuta linkachita kuyenderera m'masaya. Anyamata a padoko ankati kwa madalawa chaka chonse ndi Juni, koma ankanenera kumbali, poti pamaso pawo palibe akadayerekeza.

Sadali munthu wosekedwa chisawawa. Mu 1995, chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa, asodzi a ku Chiuta adamanga chimodzi n'kuthamangitsa anzawo obwera amene ankakokolola nsomba ndi makoka a nkacha, a maso ang'onoang'ono osasiya ngakhale tiana ta makumba. Makomiti a m'madoko amene amayang'anira usodzi kumeneko adayamba nthawi imeneyo, ndipo amalume, ali mnyamata wa magazi otentha, adali m'gulu la ofuula kwambiri. Mpaka lero akamafotokoza nkhaniyi mumangoti adali okhaokha. Ndiye munthu wotere, woti akatsegula pakamwa anzake amasiya kusoka maukonde, adafika poopa kupereka moni wa m'manja.

Zidayambira m'zigongono. Timadontho tokhakhala tidakula, tidalumikizana, n'kusanduka zigamba zokhuthala, zakuda mopitirira khungu lawo, pamwamba pake pali mamba otuwa mbuu. Kenako m'mawondo, kumsana cha m'chiuno, m'mutu mpaka m'mphepete mwa tsitsi. Akagona, m'mawa pamkeka pankayera ndi tizikhungu tofunduka, ndipo akazi awo ankakutumulira mkekawo kuseri kwa nyumba kusadache, oyandikana nawo asadadzuke. Nyengo yozizira zigamba zinkang'aluka, akapinda mkono popalasa magazi n'kumatuluka.

Kumudzi sikusowa madokotala. Woyamba adati n'chipere. Wachiwiri adati n'chiwengo cha mlamba, asiye kudya. Adasiya, munthu wokonda mlamba wowamba ngati iwo, koma osasintha kanthu. Ena adayamba kunong'ona za kachirombo, mpaka amalume adakayezetsa n'kubwera ndi kabuku ka kuchipatala kolembedwa kuti alibe. Apa m'pamene padatuluka mawu ena, otchulidwa motsitsa: khate.

Palibe adawauza pamaso. Adangoona beseni losambira m'manja likubwera lawolawo, mbale ya ndiwo yawoyawo. Pabawo anzawo adayamba kukumbukira kuti ali ndi kopita. Ana amene kale ankawakwera pamsana ankaitanidwa msanga ndi amayi awo, "Bwera kuno iwe, usawavute agogo." Amayi ogula nsomba ochokera ku Ntaja ndi ku Liwonde ankalambalala bwato lawo, makumba ali mbwee, n'kukagula ochepa kwa mnyamata wa pambali, moti amalume adayamba kumusiyira mdzukulu wawo kugulitsa, iwo ali chapatali m'mabango. Koma chimene chidawalasa kwenikweni n'cha kumzikiti. Popanga wudhu munthu amapinda malaya n'kusambitsa mikono mpaka m'zigongono, anzake ali pafupi. Iwo adayamba kupangira kunyumba, n'kumafika Lachisanu swala itatsala pang'ono kuyamba, kuima mzere womaliza kumapeto kwenikweni, n'kutuluka moni usadayambe.

Kwa achikulire a ku Machinga ndi ku Balaka, khate lili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi ku Utale, kumene amishoni a Katolika ankasungira odwala nthendayi. Aliyense wa msinkhu wa amalume adakula akumva za munthu amene adapita uko n'kuiwalika kumudzi. Mu 1994 Malawi adafika pa mlingo umene bungwe la WHO limati khate lasiya kukhala vuto lalikulu m'dziko, ndiye kuti odwala osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Zimenezo zidalembedwa m'mabuku a ku Lilongwe. M'mitima ya anthu a padoko palibe adapita kukafufuta Utale.

Mankhwala ndiye adayesa. Adawoloka malire kupita kwa sing'anga wina wotchuka wa mbali ya ku Mozambique, amene adati pali mnzawo wa nsanje adaponda ukonde wawo. Adalipira mbuzi, adatemedwa mphini m'mikono ndi pamsana, bwinobwino m'mizere. Patapita masabata owerengeka, pa mphini iliyonse padamera kachigamba katsopano, m'mizere yomweyo. Sing'anga adati mdaniyo akubwezera, pakufunika nkhuku. Adagulanso mafuta a m'kachubu pamsika, aja amagulitsidwa pamodzi ndi oyeretsa khungu. Amenewo adagwiradi, zigamba zidaphwa, banja lidayamba kumwetulira. Kachubu katatha nthenda idabwerera ndi abale ake. Ku chipatala chaching'ono adawapatsa mafuta a chipere kangapo konse. Ine sindiwada a kumeneko. Munthu mmodzi woona mzere wa odwala malungo, amayi apakati ndi ana otsegula m'mimba, alibe chomuthandiza kupatula maso ake, akaona chigamba chozungulira chokhala ndi mamba anganene chiyani china?

Njira adatisonyeza ndi mayi wina woyandikana nawo, amene mwana wake ndi wachialubino. Iyeyu amapita ndi mwanayo ku makiliniki amene bungwe la Standing Voice limachititsa m'boma la Machinga poteteza anthu achialubino ku khansa ya pakhungu. Adauza akazi a amalume kuti kunja kuno kuli madokotala amene ntchito yawo ndi khungu lokhalokha, ndipo kuti apemphe kalata yowatumiza kwa oterowo. Kalata idapezeka. Chovuta chidali kunyamula mwini khungu.

Ine ndimakhala ku Balaka, ndiye nditaimba foni kuti abwere adzagone kwathu tidzapitire limodzi, kumbali kwawo kudangoti zii.

"Amalume, mukundimva?"

"Ndikukumva, mphwanga. Ku Balaka eti? Amayi ako akutuma kuti ukanditaye ku Utale?"

Tidachita kulumbira, ine ndi amayi, kuti tikumana pa Liwonde ndipo mlatho wa Shire sawoloka. Adabwera pa njinga yamoto mpaka pa Ntaja, kenako minibasi yodzera pa Nsanama, ali m'jekete lawo, atapanikizika pakona, manja atabisa m'khwapa. Ulendo wonse wopita ku chipatala chachikulu chimene adatitumizako sadalankhule, kupatula kundiuza kumene adakwirira ndalama ndi amene adzatenge bwato.

Amene adatilandira adali mnyamata woti amalume akadamubala. Si dokotala wamkulu, ndi kilinikala ofesa amene adakawonjezera maphunziro a khungu ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kumene sukulu ya Regional Dermatology Training Centre yakhala ikuphunzitsa anthu ochokera m'maiko a mu Africa, a ku Malawi omwe, kuyambira 1992. Chinthu choyamba chimene adachita ndi kutambasula dzanja, lopanda magolovesi.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Amalume adaliyang'ana dzanjalo, adandiyang'ana ine, kenako adalilandira ndi nsonga za zala.

"Tavulani jeketeli tione."

Adaona mikono, mawondo, msana, m'mutu, zikhadabo zimene zidali ndi timaenje. Kenako adang'amba kathonje, adakapota nsonga, nati, "Tsinzinani. Ndikakukhudzani, lozani pamene ndakhudzapo." Adakhudza pachigamba cha pachigongono, chala cha amalume chidafika pomwepo. Pabondo, pomwepo. Pamsana, adapinda mkono mpaka kuloza. Adafinya mtsempha wa kuseri kwa chigongono kuti amve ngati watupa, amalume adadumpha pampando.

"Chigamba cha khate chimachita dzanzi, bambo, sichimva kanthu. Zanuzi zikumva ngakhale thonje."

Amalume sadagonje msanga. Adati ndiye mudule kachidutswa mukayeze, poti adamva kuti amatero. Amaterodi. Pali nthenda za khungu zimene sizidziwika pokhapokha atabaya jakisoni wa dzanzi, kudula kanyama, kusoka, n'kutumiza kwa akatswiri oyeza ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Akatswiriwo ndi owerengeka, yankho limatenga masabata, ndipo munthu wa ku Chiuta ayenera kupezanso ndalama ya njinga yamoto ndi minibasi kuti adzalimve. Ambiri sabweranso. Mnyamata uja adangoseka, n'kupisa m'thumba la malaya.

Adatulutsa kachipangizo kokwana m'dzanja, mutu wake wozungulira, pakati pali galasi, m'mbali muli timagetsi. Dzina lake ndi dermatoscope. Kamakulitsa zinthu kakhumi, koma nzeru yake yaikulu ili pa kuwala. Khungu likawalidwa ndi tochi wamba limanyezimira pamwamba, diso n'kuthera pomwepo. Kuwala kwa kachipangizoka kudakonzedwa kuti kusanyezimire, kulowe pang'ono kunsi kwa khungu n'kubwerera, ndiye munthu amaona timitsempha ta magazi, mtundu weniweni wa mamba ndi timabowo totulukira tsitsi, osacheka paliponse. Ka m'manja koyamba kadapangidwa ku Germany mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake idali yofufuza khansa m'timadontho takuda ta pakhungu la azungu. Pambuyo pake madokotala adazindikira kuti nthenda zotupitsa khungu nazonso zili ndi maonekedwe akeake zikayang'anidwa choncho. Mu 2012 Aimilios Lallas wa ku Greece ndi anzake adasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti kagalasika kamathandiza kusiyanitsa psoriasis, chiwengo ndi nthenda zina zofanana nazo.

Adapala pang'ono mamba a pachigongono, adadonthezapo mafuta, adamangirira kachipangizo kaja ku kamera ya foni, n'kukhazika pachigamba. Kuzizira kwa galasi kokha ndi kumene amalume adamva. Adajambula, adakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, n'kuwatembenuzira.

Ine ndidasuzumira paphewa pawo. M'mphepete mudali mamba oyera. Pakati, pamene adapala paja, padali timadontho tofiira tambirimbiri, tofanana kukula, totalikirana mofanana, kuyambira uku mpaka uko. Amalume adabweza mutu m'mbuyo, poti maso adayamba kuvuta, adayang'anitsitsa, kenako adati:

"Ichi n'chigongono changa? Koma ndiye adadzala bwino. Mapando a Sasakawa enieni, phando lililonse mbewu imodzi."

Adokotala adaseka mpaka kuika foni patebulo. Adati ndi momwemo, ndipo kadzalidwe kameneko ndi kamene amafuna kuona. Timadonthoto ndi nsonga za timitsempha ta magazi timene takula n'kuima chilili kulunjika pamwamba pa khungu, ndiye tikamationera kumwamba timaoneka ngati madontho. N'chifukwa chake munthu akakanda mamba mwamphamvu pamatuluka timagazi tating'onoting'ono tambiri. Chikadakhala chiwengo, madontho akadakhala m'timagulu, apa alipo apa palibe, ndipo nkhanambo zake zikadakhala zachikasu chifukwa cha madzi amene amatuluka n'kuuma. Nthenda ina yoyabwa kwambiri, lichen planus, imaonetsa timizere toyera topingasana, timene Louis Wickham wa ku Paris adatifotokoza kale mu 1895. Lupus ya pakhungu, imene imakonda kumaso ndi m'mutu n'kusiya zipsera, imatseka timabowo ta tsitsi. Ndipo pa mphere, adatero, kagalasika kamagwira wakuba ali m'nyumba: kumapeto kwa kanjira kake kachilomboko kamaoneka kali phee.

Adanenanso chinthu chimene ndidachikonda, poti sadafune kudzitama. Zithunzi zambiri za m'mabuku ophunzirira zidajambulidwa pa khungu loyera, pamene kufiira kumaonekera patali. Pa khungu lathu kufiirako kumabisala, kumaoneka kodera kapena kotuwa, ndipo nthawi zina madonthowo saoneka mpaka utapala mamba ndi kudontheza mafuta. Kagalasi pakokha sikanena kanthu. Amanena ndi munthu amene waona zigongono zakuda zambiri, wafunsa mafunso, wagwira ndi manja, kenako n'kusuzumira. Pamene zakanika, kudula kanyama kuja kumafunikabe.

"Ndiye nthenda yanga ndi chiyani?"

"Ndi psoriasis, bambo. Si khate, si chipere, si kachirombo, ndipo palibe adakupondani ukonde."

Adafotokoza kuti asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, nthawi zina amasokonezeka n'kuyamba kuputa khungu la mwini wake. Khungu labwino limatenga pafupifupi mwezi kuti lakale lifunduke latsopano lifike pamwamba, ndipo sitizindikira n'komwe. Pa psoriasis ulendo umenewu umatha m'masiku osakwana sabata, ndiye khungu losakhwima limaunjikana n'kukhala mamba aja. Imayenda m'magazi a pamtundu, imakula ndi nkhawa, fodya, mowa ndi nyengo yozizira. Sipatsirana, kaya pa moni, kaya m'mbale, kaya pamkeka. Lipoti la WHO la 2016 lidati padziko lonse anthu osachepera 100 miliyoni ali nayo.

Za mphini zija adangogwedeza mutu. Khungu la munthu wa psoriasis likavulala, pabalapo pamamera chigamba chatsopano. Heinrich Köbner, dokotala wa ku Germany, adazilemba zimenezi m'zaka za m'ma 1870. Mdani wobwezera uja adali lezala. Mafuta a pamsika nawo adali ndi mankhwala amphamvu a steroid, amene amaziziritsadi nthenda, koma ukamapaka mosayeza amapyapyalitsa khungu, ndipo ukasiya mwadzidzidzi nthenda imabuka mwaukali.

Anthu a padoko paja ndisawaseke kwambiri. Ku Ulaya nakonso madokotala ophunzira adakhala zaka mazana ambiri akuphatikiza nthenda ziwirizi, ndipo anthu a mamba m'zigongono ankasalidwa pamodzi ndi akhate, mpaka Ferdinand von Hebra wa ku Vienna adazilekanitsa bwinobwino mu 1841. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adalekanitsa kalekale, pamene uthengawo kuti ufike kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo wachita kukwawa.

Amalume adakhala chete kanthawi, kenako adafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye mdzukulu wanga ndingamunyamule?"

"Mukamunyamule lero lomwe. Koma ndikuuzeniretu, nthendayi siitheratu. Imagona, imadzuka. Tikuphunzitsani kuigoneka."

Mankhwala ake sadali odabwitsa. Mafuta a salicylic acid ofewetsa ndi kuchotsa mamba. Mafuta a betamethasone opaka pazigamba zokhuthala zokha, kwa masabata owerengedwa, osati kumaso, ndipo kusiya kwake pang'onopang'ono. Mafuta akuda a phula la malasha opaka usiku, onunkha msewu watsopano. Vaseline tsiku lililonse akangosamba. Chingambwe chitayidwe. Mfundo za zala kapena msana zikayamba kuuma m'mawa abwere msanga, poti nthendayi mwa ena imalowa m'mfundo. Zikadakanika zonsezi padali mapiritsi a methotrexate, ofuna kuyeza magazi pafupipafupi, koma sadafikeko.

Ndipo padali mankhwala ena omaliza, amene adandiseketsa mpaka misozi.

"Dzuwa, bambo. Tsiku lililonse m'mawa kapena chakumadzulo, zigambazi ziwombedwe ndi dzuwa kwa kanthawi, osati mpaka kupsa."

Kuwala kwa dzuwa kumachepetsa liwiro la khungu lija. Ku America, William Goeckerman wa ku Mayo Clinic adayamba mu 1925 kuchiza psoriasis pophatikiza phula la malasha ndi kuwala kwa nyale zapadera, ndipo mpaka lero m'maiko ozizira anthu amalipira ndalama kuti akaime m'kabokosi ka nyale zotere. Amalume anga, okhala m'mbali mwa nyanja imene dzuwa lake limasenda mphuno, adatha zaka akubisa zigamba zawo ku mankhwala aulere, ali m'jekete la pakaunjika, akuvutika ndi thukuta.

Potuluka, jekete lidali paphewa. Pa depoti adagula chimanga chootcha, adanyema pakati n'kundipatsa ndi dzanja lawo, akundiyang'ana m'maso kuti aone ngati ndilandira. Minibasi yonse idamva za Sasakawa wa pachigongono tisadafike pa Liwonde. Ndipo pa Liwonde adati, "Tiye kwanu ku Balaka kuja, ndikaone ana." Mlatho adawoloka akuimba.

Ndimawerenga za makina akuluakulu a kunja. Alipo otchedwa confocal microscope, oonetsa maselo a khungu limodzilimodzi munthu ali chikhalire, ena otchedwa OCT oonetsa khungu m'magawo ake kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndi ena a ultrasound oyeza kukhuthala kwa chigamba. Ndi zinthu zabwino, ndipo tsiku lina zidzafika ku Blantyre. Koma amafuna magetsi osathima ndi ndalama zoti n'kumangira chipatala chaching'ono. Boma la Machinga lidali ndi anthu opitirira 735,000 pa kalembera wa 2018, ambiri a iwo kutali ndi tala. Ine wondifunsa ndingati tiyambe ndi ka m'thumba kaja, kotchaja ngati foni, ndi munthu wophunzitsidwa kukagwiritsa ntchito, woyenda nako mpaka ku Nayuchi. Chithunzi chikamuvuta angathe kutumiza kwa mnzake wa ku Blantyre pa WhatsApp, yankho n'kubwera wodwala asadakwere njinga.

Tsopano imvani zimene zidachitika kumudzi.

Mamba adayamba kugwa sabata zoyambirira zomwe. Zigamba zidaphwa, zidafewa, zidasiya kung'aluka. Pofika miyezi itatu pazigongono padangotsala mabala osalala, ena oderako ena owalirako, amene adapitiriza kuzilala. Akazi awo adayamba kukutumulira mkeka pakhomo, masana, mokweza. Koma khungu lidachira msanga kuposa mbiri, ndipo mbiriyo amalume adaichiza okha. Adandilamula kuti chithunzi chija, chimene adokotala adatumiza pafoni yanga, ndikachitsukitse ku studio. Ndidachitsukitsa chachikulu. Amachisunga m'jumbo pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo sabata yoyamba padoko padalibe amene adapulumuka. Amfumu adachiona. Shehe adachiona. Amayi a ku Ntaja aja adachiona asadaloledwe kufunsa mtengo wa makumba.

"Mayi, khate mumalidziwa inu? Ili ndi khate? Onani mizere. Onani kadzalidwe. Gwirani apa. Gwirani, musaope, adokotala adagwira opanda magolovesi."

Mayi wina adagwira, mwina pofuna kuti nkhani ithe, n'kugula beseni lonse. Amalume adakweza mtengo tsiku lomwelo, ati kubweza za zaka zija.

Lachisanu loyamba adafika kumzikiti anthu asadachuluke, adakhala pakati penipeni pa opanga wudhu, adapinda malaya mpaka m'mapewa, kupitirira pamene chipembedzo chimafuna, n'kusambitsa mikono mosafulumira, katatu katatu. Adaima mzere woyamba. Potuluka adapereka moni kwa aliyense, ena kawiri. Pabawo adabwerera ndi ukali woti anzawo adayamba kulakalaka masiku a jekete. Ndipo nyengo ya zinamwali itafika, anyamata akutuluka ku ndagala, munthu wamkulu ndi imvi zake adalowa m'bwalo la manganje atavala vesiti yoyera, mikono ili m'mwamba, mpaka akazi awo adachita kukawakoka kuti akuchititsa manyazi banja. Iwo adati manyazi adawamaliza onse, sadasiyeko olowa nawo m'bwalo.

Jekete lija lili kudimba la mpunga. Adalipachika pamtengo wopingasa, kapusi pamwamba, ndipo akuti mbalame zikuliopa kuposa mmene anthu ankaliopera.

Chaka chotsatira, Juni atafika ndi mphepo yake ya mwera, tizigamba tiwiri tidadzukanso m'mawondo. Adandiimbira, osati molira, koma mondiuza kuti alendo aja abwera ndipo awalandira kale ndi mafuta. Adapita kukaonedwa pa tsiku limene adawalembera, adabwerako. Fodya ndiye tisanamizane, adachepetsa, sadasiye.

Vuto latsopano ndi lakuti tsopano ndi dokotala. Ku Balaka kuno timalima thonje, ndiye adandituma kuti ndiwatumizire, ndipo amayenda nalo m'thumba. Aliyense wa chigamba amauzidwa kuti atsinzine. Ndidawachenjeza kuti adzamangidwa, koma nditamvetsera zimene amanena ndidapeza kuti akubwereza za adokotala aja mosaphonya: chigamba chotuwa kapena chofiirira chimene sichimva kukhudza, thamanga nacho ku chipatala, poti khate likadalipo ndithu m'maboma athu ano, koma limachizika, mankhwala ake ndi aulere, miyezi 6 kapena 12, ukumwera kunyumba kwako, ndipo ukafulumira zala sizipindika. Chigamba chimene chikumva, pita nachobe, ukapemphe a khungu. Mphini ayi. Za m'kachubu za pamsika ayi. Anthu angapo apita chifukwa cha iwo, ena pongofuna kuti awasiye.

Nkhani ya mbuzi yokha ndi imene idawakhalabe pamtima. Tsiku lina la msika adakumana ndi sing'anga uja, amene adawoloka kudzagula mchere. Amalume adapinda malaya, adamuonetsa zigongono zonse ziwiri, adatulutsa chithunzi m'jumbo, anthu atazungulira. Mkuluyo adayang'ana mikono, adayang'ana chithunzi mozondotsa, adasisita pachigongono ndi chala chachikulu, kenako adatembenukira anthu aja.

"Mwaona? Ndimanena ine. Mankhwala anga amagwira mochedwa."

"Mbuzi yanga," adatero amalume.

"Mbuzi idagwira ntchito yake, achimwene. Koma paja nkhuku ija simudabweretse."